Nyimbo Yanga Ndinaipereka Ndekha kwa Flora

1

Mukadzatsika minibasi pa Songani n'kumva mayi wina akuitanira anthu mpunga ndi mawu osasa ngati wagona m'khitchini ya utsi, musadzamuseke. Mayiyo ndine. Dzina langa ndine Sellina, ndipo panali nthawi imene anthu ankapalasa njinga kuchokera ku Malosa, ena kukwera minibasi kuchokera ku Zomba, kudzangomva pakhosi pomwepa.

Ndinkatsogolera nyimbo m'gulu la Nyenyezi za m'Chigwa. Silinali gulu la oyamba kumene ayi. Tinkatenga okhawo amene makwaya awo ankawanyadira: wina wa ku mishoni, wina wa ku Katolika, ena ophunzira zauphunzitsi ku koleji. Ankabwera akudzimva ukatswiri, ndipo mwamuna wanga Jonasi ankawaphwanya n'kuwaumbanso. Iye ndiye anali mphunzitsi wathu komanso woimba kiyibodi.

"Kuno sitiyasamula kukamwa CD ikutiimbira," ankatero kwa aliyense wobwera kumene. "Kuno timaimba layivu. Wofuna kuvina ndi maiki yozimitsa aone msewu."

Ankatithamangitsa m'mbali mwa mtsinje wa Domasi m'mamawa, n'kutiimbitsa tikadali wefuwefu. Ankatigoneka chagada, njerwa pamimba, kuti aone ngati mpweya ukuchokera pansi. Masiku ena ankaitana ana a m'mudzi kuti azikuwa ndi kugogoda zitini ife tikuimba, ati tizolowere phokoso la m'holo. Ukalakwitsa n'kukwinya nkhope, ankaimitsa nyimbo pomwepo.

"Anthu sadziwa kuti walakwa mpaka nkhope yakoyo itawauza. Bwerezani!"

Pakamwa pake panali lumo. Atsikana ankalira kuseri kwa tchalitchi, ine n'kumawatonthoza kuti abambo amatero pofuna kuti tikhale apamwamba. Ndisakubisireni, nkhanza zakezo ndinkazinyadira, chifukwa zinali zisanandifike.

Nyimbo imene inatitchukitsa inali "Mpunga Wacha". Jonasi anaipeka tili pachibwenzi, ndipo ankati anaiyeza pakhosi panga monga telala amayezera diresi. Chakumapeto nyimboyo imakwera, zida zonse n'kukhala chete, woimba n'kutsala yekha pamwamba. Ndikafika pamenepo amayi a Mvano ankaponya mipango m'mwamba, nthungululu zili tiye tiye.

2

Flora ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Amayi atamwalira ndinamutenga ali Sitandade 4, ndinamulera pamodzi ndi mwana wanga Chimango. Atakula anali wokongola, ndipo mawu anali nawo, okoma koma aafupi. Pamwamba sankafikapo. Ankaima kumbuyo kwanga pamodzi ndi ovomera anzake.

Jonasi ankamutchula kuti "mkazi wanga wamng'ono", monga amuna ambiri amachitira ndi alamu awo.

"Mkazi wanga wamng'ono, madzi osamba ali kuti? Akuluwa atopa, ndiwasiya ine."

"Alamu inunso! Mungandithe ine?"

Tonse tinkaseka. Ine ndinkaseka kuposa onse. Kodi zachilamu munthu angakwiye nazo? Angakuseke m'mudzi monse.

Chaka china tinagwirizana zokhazikitsa chimbale chathu choyamba m'holo ya pa sekondale ina konkuno. Pulakatisi inakula moto. Sabata yoyamba yomwe, Jonasi anathamangitsa Yoswa, woimba gitala amene tinayamba naye gululi, ati ankabwera akununkha mowa. Ine fungolo sindinalimvepo, koma sindinafunse. Pa zida panatsala kiyibodi, ng'oma, ndi besi imene ankaimba Idi, mnyamata wofatsa wa pa Songani. Idi anali Msilamu, koma nyimbo zathu ankazidziwa kuposa madikoni.

Nthawi yomweyo Jonasi anamata tepi yakuda pa kagalasi ka kiyibodi, paja pamaoneka manambala.

"Kang'aluka, fumbi likulowa," anatero.

Amenewo ndiwo masiku amene mawu anga anayamba kundithawa.

3

Zinayamba pang'ono. Ndikafika pamwamba pa "Mpunga Wacha" ndinkamva ngati wina wandikoka kolala. Ndinkafikapo, koma movutikira. Patapita masabata angapo ndinayamba kukanda. Tsiku lina mawu anaduka pakati, ndinangomva kulira kwa nkhuku yogwidwa kukutuluka m'kamwa mwanga.

Jonasi anachotsa manja pa kiyibodi.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Bambo a Chimango, kodi lero siyakwera nyimboyi?"

Mtsikana wina kumbuyo anavomereza chapansipansi kuti nayenso akuona ngati yakwera. Jonasi anamuyang'ana kamodzi kokha, mtsikanayo n'kumeza mawu ake.

"Bwera kuno, Sellina." Pagulu sankanditchula dzina, koma tsiku limenelo anatero. "Taona zala zanga. Zili pati? Si pomwe ndakhala ndikuika chipekereni nyimboyi? Makina sanama. Ukukalamba, ndipo ulesi wakulowa."

Ndinayang'ana. Zala zinalidi pamalo pake. Ndinayang'ana Idi kuti mwina andithandiza, koma iye anali ataweramira besi yake ngati wataya singano.

Chodabwitsa, kunyumba ndikamachapa nyimboyo inkatuluka bwinobwino. Ndinathamanga kukamuuza.

"Pochapa umayambira pansi, umadzinyengerera wekha," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Aliyense ndi katswiri kubafa."

Ndinapita kuchipatala ku Zomba. Dokotala anandiunika pakhosi n'kunena kuti sakuona vuto lililonse. Nditabwera nayo nkhaniyo mosangalala, Jonasi anaseka.

"Ndiye kuti vuto ndi mutu wako. Kankha mawuwo! Ukawanyengerera agona."

Ndinakankha, abale. Ndinamwa mazira aawisi, uchi, jinja, mandimu, chilichonse chimene munthu wandiuza pamsika. Ndinasala kudya. Ndinkapita ku dambo m'mamawa kukakuwa pakati pa mpunga mpaka kulavula malovu a magazi. Ku pulakatisi ankandibwerezetsa pamwamba pomwepo, kubwereza, kubwereza, anzanga ataima akuyang'ana pansi. Ndikalephera ankauza wa ng'oma kuti aombe kamodzi, phwa, ngati mmene amachitira pa sewero munthu akagwa.

Tsiku lina ananena pamaso pa onse kuti, "Anthu adzalipira pakhomo kudzamva nyimbo, osati kudzaonerera mayi akubereka."

Ena anaseka chifukwa cha mantha. Ine ndinalira njira yonse yopita kunyumba, ndipo amene anandigwira dzanja anali Flora.

4

Jonasi sanandiuzepo kuti ndisiye. Akanatero akulu a mpingo akanamufunsa, chifukwa anthu ankati Nyenyezi ndi Sellina. Anadikira kuti ndinene ndekha, ndipo ndinanenadi.

"Bambo a Chimango, nyimbo ija apatseni ena. Ndingakuchititseni manyazi."

Anapumira m'mwamba ngati zamupweteka. "Ndipatse ndani? Palibe angaithe."

"Flora."

"Flora? Mawu ake ndi aafupi uja."

"Ndimuphunzitsa ine."

Mwamva? Ndinachita kumupempha. Ndinamuchonderera mwamuna wanga kuti alole.

Tsiku loyamba Flora kuiyesa ndi kiyibodi, anafika pamwamba mosavuta. Ndinadumpha n'kumukumbatira, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati Mulungu watseka khomo langa n'kutsegula la m'bale wanga, nyimbo sinachoke m'banja.

Ndinamupatsa zonse zimene ndinazipeza m'zaka zanga zoimba. Ndinamuphunzitsa kuba mpweya pakati pa mawu anthu osazindikira. Ndinamuonetsa kutalikitsa maiki akamakwera, kuti sipika isalire, ndi kuibweretsa pafupi akamanong'ona. Ndinamuuza kuti asamayang'ane mzere wakutsogolo, kumene kumakhala alendo olemekezeka ouma nkhope, koma asankhe mayi mmodzi wakumbuyo n'kumuimbira yekhayo.

"Nanga ndikaiwala mawu, achemwali?"

"Umwetulire, uloze maiki kwa anthu. Amaidziwa, akuimbira okha."

"Nanga miyendo ikamanjenjemera?"

"Uvine. Palibe amaona kunjenjemera kwa munthu wovina."

Ndinamusokera diresi pa nsalu imene ndinasungira tsiku langa. Pamene Jonasi ananena kuti mtsikanayo akufunika pulakatisi yapadera masana, awiriwiri, ine ndi amene ndinkawalongedzera mbatata yootcha ndi botolo la thobwa. Ndinkatsala pakhomo ndili chete, poti anati ndipumitse mawu, ngakhale kuti ku pulakatisi ya onse ankandiimbitsabe mbali yokwera ya ovomera.

Flora anayamba kusintha. Anasiya kuseka nthabwala zachilamu zija. Akamadya nane sankandiyang'ana kumaso. Diresi ija ndinaikulitsa m'chiuno kawiri, n'kumamunyoza kuti kutchuka kwayamba kumunenepetsa asanaimbe n'komwe.

5

Tsiku lokhazikitsa chimbale linali Lamlungu masana, ndipo holo inadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo. Nyimbo zoyamba zinayenda bwino. Ine ndinali kumbuyo, pamzere wa ovomera, pamalo pomwe Flora ankaima kale. Anthu ankandiloza n'kumanong'onezana.

Kenako inafika "Mpunga Wacha". Flora anatuluka ndi diresi ija, anthu anakuwa. Anaimba ndime yoyamba bwino kwambiri, mpaka mtima wanga unanyada. Ali pakati pa ndime yachiwiri, magetsi anazima.

Zimenezo sizinatiopse, Jonasi anatiphunzitsa. Wa ng'oma anapitiriza, ife tinaomba m'manja ndi kuvinitsa anthu mpaka anyamata analiza jenereta kunja. Masipika anadzuka. Jonasi, thukuta lili kamukamu, anakweza dzanja kuti tiyambirenso, n'kugwetsa zala pa kiyibodi.

Thupi langa linazindikira mutu usanazindikire. Imeneyo inali nyimbo yanga, pamalo pake penipeni, pamene ndinkaiimbira zaka zonse ndi pamene ndinkaiimbira pochapa. Sinali yokwera ngati ya ku pulakatisi kwanga, sinalinso yotsika ngati imene Flora anali atangoimba kumene. Ndiye miyezi yonseyi ndinkalimbana ndi chiyani?

Besi ya Idi inalowa n'kugundana ndi kiyibodi, phokoso lake lonyansa. Idi anasuntha dzanja msanga n'kukuwa, "Abwana, yabwerera pakale! Tsitsani!"

Jonasi anayamba kukanda tepi ija ndi chikhadabo, dzanja lina likuimbabe. Koma Flora anali atalowa kale. Anayenda nayo movutika, mitsempha ya m'khosi ili panja, ndipo atayandikira pokwera paja anachita zomwe ndinamuphunzitsa: anamwetulira n'kuloza maiki kwa anthu. Anthu sanamuimbire.

"Sellina! Mpatseni Sellina!" anakuwa mayi wina kumbuyo, ndipo holo yonse inatengera. "Sellina! Sellina!"

Flora anatembenuka, maso ali ndi misozi, n'kunditambasulira maiki. Ndinailandira. Ndinayenda kupita kutsogolo. Ndinkadziwa tsopano kuti sindinakalambe, sindinachite ulesi, mutu wanga unali bwinobwino. Ndinati lero aona.

Ndinatenga mpweya kuchokera pansi. Zida zinakhala chete monga mwa nthawi zonse. Ndinatsegula pakamwa pamalo pamene ndinafikapo kosawerengeka.

Panatuluka mpweya wokhawokha, kenako kakulira kosasa, kothyoka pakati. Sipika inakakuza kuti aliyense amve bwino.

Ndinayesanso. Chimodzimodzi.

Mnyamata wina wa pawindo anakuwa kuti, "Watha uyo!" Ena anaseka, ena anamukalipira. Amayi a Mvano anaweramitsa mitu. Ndinatembenuka kuyang'ana mwamuna wanga. Mantha amene anali pankhope pake anali atachoka. Anali akumwetulira.

6

Idi ndinamupeza kuseri kwa holo akukulunga mawaya. Ndinamugwira malaya.

"Yabwerera pakale, unatero. Inali itapita kuti?"

"Mayi, ndisiyeni chonde."

"Idi, uli ndi mayi ako iwe. Inali itapita kuti?"

Anakhala pansi pa sipika n'kufotokoza. Pa kiyibodi pali kabatani kotchedwa thiransipozi. Woimba amaika zala pomwe amaika masiku onse, koma nyimbo imatuluka yokwera kapena yotsika malinga ndi mmene wadinira. Makinawo akazima amaiwala, n'kubwerera pakale. Kabataniko ndinkakadziwa, woimba aliyense amakadziwa. Kungoti sindinaganizepo kuti munthu angakagwiritse ntchito pa mkazi wake.

"Ikakhala yanu ankakweza, pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, kuti musadzidzimuke. Ikakhala ya Flora ankatsitsa. Besi ilibe batani, mayi, ine ndinkachita kusuntha dzanja, ndiye ndinkadziwa. Anandiuza kuti ndi njira yokutambasulirani mawu, ndisakuuzeni mungachite mantha. Yoswa anakana, n'chifukwa chake anachotsedwa. Walahi, poyamba ndinakhulupirira. Pamene ndinazindikira, ndinaopa."

Pafupi pomwepo, kuseri kwa thanki ya madzi, munthu anali akusanza. Anali Flora. Anali atamasula lamba wa diresi ija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuyang'ana ndi maso a mzimayi, osati a mchemwali wake.

"Ndi ya ndani?"

Anagwada m'fumbi. "Achemwali, ndikhululukireni."

"Ndati ndi ya ndani?"

"Alamu anati inu mwatha. Anati gulu likufuna mayi watsopano, ndipo inunso mwavomereza nokha."

"Za batani unkadziwa?"

Anangolira mokweza, ndipo yankho ndinalimva.

Jonasi anatulukira atanyamula kiyibodi yake kukhwapa. Anationa atatufe ndipo anadziwa kuti zaululika. Sanagwetse nkhope n'komwe.

"Munkakweza dala," ndinatero ndi timawu tanga totsalato. "Munandinamiza kuti mawu anga atha."

"Ndinanama chiyani?" anafunsa modekha. "Kiyi inali yako yeniyeni lero. Maiki unapatsidwa. Domasi yense wamva. Mawu ulibe, Sellina."

Anadutsa n'kukakweza kiyibodiyo m'galimoto imene tinachita hayala, n'kuitana Flora kuti akhale kutsogolo.

7

Ndinabwereranso kwa dokotala yemwe uja. Ulendo uno anaunika nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti ndakhala ndikuchita chiyani ndi pakhosi panga. Anati pamene pamatuluka mawu pamera timatuza touma chifukwa chokakamiza, ndipo pena pachita chipsera. Anati kulankhula ndizilankhula, koma zoimba ndiiwale.

"Munabwera muli bwinobwino, mayi. Anakuuzani kuti muzikuwa chonchi ndani?"



Ankhoswe anakhala pansi, anakambirana, banja linatha. Nkhani ya mimba aliyense anaimvetsa ndipo anaidzudzula. Koma nditayamba kufotokoza za batani, amalume anandidula. Anati zamakinazo n'zovuta kuzitsata, ndipo poti anthu onse anandimva ndikulephera m'holo, ndisachulutse nkhani. Mpingo unaimitsa Jonasi ndi Flora, iwo anasamukira ku Liwonde n'kuyambitsa gulu lina. Ndimamva kuti Jonasi akuphunzitsabe oimba, njerwa pamimba, ndipo makolo amamuyamikira kuti ndi wolimbikira. Flora anabereka mwana wamkazi. Sindinapite kukamuona, ndipo musandiuze zokhululuka, sindinafike pamenepo.

Inu owerenga, makamaka inu amene mumaphunzira luso pansi pa munthu amene mumamukonda, ndikufuna mumve ichi. Thupi langa linkandiuza zoona tsiku lililonse. Pochapa linkandiuza, dokotala anandiuza, ngakhale kamtsikana ka kumbuyo kaja kanandiuza. Ine ndinasankha kukhulupirira zala za mwamuna wanga. Mphunzitsi wabwino amakuuza chimene akuchita nawe ndi chifukwa chake. Amene amakubisira, n'kumakuuza kuti vuto ndi mutu wako, mufunseni achotse tepi muone nokha. Ndipo nthabwala zachilamu zikatha mwadzidzidzi pakhomo panu, musati anthu akula.

Chimene chimandiwawa kwambiri si Jonasi, kapena Flora. N'chakuti mawuwo palibe anawagwira ndi dzanja. Ndinakawathera ndekha ku dambo, m'mamawa, ndikuganiza kuti ndikuwapulumutsa.

Pafupi ndi pamene ndimagulitsa mpunga pali shopu ya mnyamata wojambulira anthu nyimbo m'mafoni. Masiku ena amaika "Mpunga Wacha" ya Flora pa sipika yake. Ndimaimva kuti ndi yotsitsidwa, ndipo ndimamva akuba mpweya pamalo pomwe ndinamuonetsa. Ikamayandikira pokwera paja ndimaiwala, mimba imadzikoka yokha, pakamwa n'kutseguka.

Dzana mayi wina amene ndinkamuyezera mpunga anandiona ndikutero. Anaweramira kwa ine n'kufunsa kuti, "Mwati bwanji, mayi? Kwezani mawu, sindikukumvani."